Bwanji ku Zanzibar amayenda pansi tsiku lonse, koma ku Mzuzu timathamangira sakaramento?

Mayi wina wa ku Katoto mumzinda wa Mzuzu watumiza imelo. Akufunsa chifukwa chake m'mizinda yakale ngati Stone Town ku Zanzibar anthu amayenda pansi mpaka dzuwa kulowa, pomwe kuno munthu akangotsika basi pa depoti amayang'ana sakaramento, njinga ya kabaza, ngakhale akupita pafupi. Akuti kodi ndi ulesi?

Si ulesi ayi, mayi. Munthu wamkulu amayenda mamita pafupifupi 80 pa mphindi, ndipo okonza mapulani a mizinda amati mamita 400, omwe ndi mphindi 5, ambiri amayenda osadandaula. Koma mamita 400 a padzuwa, galimoto zikukupitani m'khwapa, si ofanana ndi a pamthunzi.

Stone Town, yomwe UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaiika pa mndandanda wa malo a mbiri mu 2000, inamangidwa galimoto kulibe. Tinjira tambiri n'topanikiza moti galimoto silingalowe, ndipo nyumba zosanjikizana mbali zonse ziwiri zimaponya mthunzi pafupifupi tsiku lonse. Mukayenda pang'ono mwapeza khomo, shopu, mzikiti kapena mphambano, choncho maso satopa ndipo njira zofikira malo amodzi n'zambiri. Chinthu chimene ambiri sachiwerengera ndi baraza, benchi lomangidwa kukhoma la nyumba. Agogo amapumirapo, ogulitsa amayalapo malonda, ndipo mvula ikadzaza kanjira, anthu amayenda pamwamba pake. Ku Lamu ku Kenya, komwe kunalowa pa mndandanda womwewo mu 2001, katundu amanyamula ndi abulu. Komabe musaganize kuti kumeneko kulibe mavuto: njinga zamoto zimalowa m'tinjira ta Stone Town, oyenda pansi n'kumadziphatika kukhoma.

Mzuzu mbiri yake ndi ina. Unayamba cha mu 1947 ngati esiteti ya mitengo ya tung, yomwe njere zake amayengera mafuta, n'kukhala mzinda mu 1985, ndipo wakula motsatira misewu ya galimoto, M1 ndi M5 wopita ku Nkhata Bay. Maploti ndi aakulu, mipanda ya njerwa ndi yaitali, ndipo pakati pa malokeshoni pali madambo ndi zitunda. Kuyenda m'mbali mwa mpanda wopanda khomo n'kotopetsa, ndipo kukada n'koopsa, chifukwa palibe amene akukuonani.

Sitingagwetse Mzuzu kuti afanane ndi Zanzibar, koma msewu umodzi tingaukonze. Yambani n'kuona pomwe mapazi aswa kale njira m'maudzu, chifukwa ndi pomwe anthu akufuna kudutsa. Mukakonza njira kwina, adzaisiya. Njira ya oyenda pansi ikhale mamita osachepera 1.8 m'lifupi popanda chotchinga, kuti mayi wobereka mwana apishane bwino ndi wa njinga ya olumala. Ogulitsa nthochi ndi chimanga chootcha apatseni malo awoawo pambali. Kuwathamangitsa n'kulakwitsa, chifukwa ndi iwowo amachititsa msewu kukhala ndi anthu, koma mukapanda kuwapatsa malo adzakhala panjira pomwepo, oyenda n'kubwerera pa tala.

Nkhani yaikulu kuno ndi madzi. Njirayo ikwere kuposa msewu, ndipo ipendekere kungalande masentimita 2 pa mita iliyonse. Ikakhala yathyathyathya madzi amadikha, dothi lapansi n'kufewa, timiyala ta simenti n'kuyamba kugwedera. Ngalande ivundikiridwe ndi masilabu otheka kuchotsa pokokolola zinyalala. Silabu imodzi ikasweka osaibwezeretsa, anthu amasiya njira yonseyo, makamaka usiku.

Mitengo ya mthunzi bzalani motalikirana mamita 8 mpaka 10, iliyonse ndi bwalo lake la dothi losathira simenti. Bulugamu mupewe pafupi ndi njira ndi ngalande, mizu yake imatukula simenti. Musanapite kukhonsolo ndi pempho, imani pamsewupo kwa mphindi 15 m'mawa, masana ndi madzulo, muwerenge odutsa, mulembenso pomwe akuwolokera ndi pomwe akutsikira pa tala. Khansala wanu mukamupatse manambala amenewo pamodzi ndi zithunzi za tsiku la mvula.