TV ziwiri m'nyumba, dekoda imodzi: zitheka?

Bambo wina wa ku Nchalo anandilembera imelo sabata yatha. Akuti anagula TV yachiwiri yoika kuchipinda chifukwa pabalaza nkhondo ya rimoti sikutha: iwo akufuna mpira, mayi akunyumba ndi ana akufuna mafilimu a ku Nigeria. Funso lawo ndi lakuti, "Ndigulenso dekoda ina, kapena yomwe ilipoyi ikwanira?"

Bambo, ngati mukufuna kuti aliyense aziwonera zake, gulani ina. Dekoda wamba imatsegula tchanelo imodzi basi pa nthawi. Kuno kuchigwa tilibe TV yobwera pa waya kuchokera ku kampani ngati kumayiko a azungu, timadalira dishi kapena eriyo, koma mfundo yake ndi yomweyo.

Kugawa chithunzi kumatheka. Mugula kachipangizo kogawira HDMI (waya wotengera chithunzi ku TV), kapena kukoka waya kuchokera pabowo lolembedwa RF out ngati dekoda yanu ili nalo, TV zonse ziwiri ziwala. Koma zizionetsa chinthu chimodzi. Ndinagonapo pa resitihausi ina ku Bangula, zipinda zinayi pa dekoda imodzi. Mpira uli mkati, penate yangoperekedwa kumene, mnyamata wapakauntala anasinthira ku nyimbo zakwaya. Tonse tinatuluka, wina ali chovala thaulo.

Dishi yachiwiri ndiye musataye nayo ndalama. Chosintha ndi LNB, kamutu kaja kali kutsogolo kwa dishi: ikani ya mabowo awiri, dekoda iliyonse ikhale ndi waya wakewake. Amisiri ena amangodula waya umodzi n'kuikapo splitter, kachipangizo kogawa waya umodzi pawiri. Musalole. Dekoda imatumiza mphamvu ya 13 kapena 18 volts ku LNB posankha gulu la matchanelo, ndiye ziwiri zikakhala pa waya umodzi zimalimbana, ina n'kumangolemba kuti palibe siginolo. Pa eriyo ya GOtv kapena Kiliye Kiliye splitter imagwira, kungoti siginolo imafowokako, ndipo ngati kwanuko imabwera kale movutikira chithunzi chiziduka.

Za malipiro: dekoda ziwiri kawirikawiri ndi mabilu awiri. A DStv ali ndi ExtraView, yomwe imalumikiza madekoda a m'nyumba imodzi pa phukusi limodzi, inu n'kumangoonjezera kandalama kena pamwezi. Kafunseni ngati dekoda yanu ikulola zimenezi musanagule chilichonse.

Yang'ananinso pa katoni ya TV yatsopanoyo. Ikalembedwa DVB-T2, ndiye kuti imatha kugwira yokha matchanelo a dijito osatsekedwa kudzera pa eriyo. Olipira aja, mpira wa ku England uli m'gulu lomwelo, sangatseguke popanda dekoda ya eni ake.

Mukagula dekodayo, chonde musaitsekere m'kabati kapena kuifunditsa kansalu koluka kaja amakonda amayi. Kutentha kwa Okutobala kwa ku Nchalo mukukudziwa nokha, kumafika madigiri 40. Iikeni poyera, mphepo izipita pansi ndi pamwamba.