Amusia: kodi n'zoona kuti ndi "kusakhalapo kwa nyimbo"?

Mayi wina wophunzitsa kwaya wanditumizira imelo. Akuti anamva liwu lakuti amusia pa wailesi, wolankhulayo n'kumasulira kuti ndi kusakhalapo kwa nyimbo. Akufuna kudziwa komwe linachokera, komanso ngati lili pachibale ndi amuse, liwu la Chingelezi lotanthauza kusangalatsa.

Mayi, wa pa wailesiyo sananame, koma anangokhudza pamwamba. Chingelezi chinabwereka liwuli ku Chigiriki. Ka "a" koyambirirako n'kokana, monga mu atheist, munthu wokana zoti kuli Mulungu. Mbali yotsalayo ikuchokera kwa milungu yaikazi 9 yotchedwa Mousai, ana a Zeus ndi Mnemosyne. Agiriki ankati imeneyi ndiyo imapatsa anthu luso la kuimba, ndakatulo, kuvina, mbiri yakale, mpaka kudziwa za nyenyezi. Music ndi museum akuchokeranso komweko.

Choncho Mgiriki akatchula mnzake kuti amousos, sankatanthauza kuti kwawo ng'oma sizilira ayi. Kunali kunyoza: mbuli imene milungu ya lusoyo inaidutsa pakhomo.

Tanthauzo la masiku ano linabwera ndi madokotala. Mu 1888 August Knoblauch wa ku Germany anagwiritsa ntchito liwuli pofotokoza anthu amene luso la nyimbo lawathawa ubongo utavulala. Nyimbo ilipo, makutu ali bwinobwino, koma munthu sangalekanitse mawu okwera ndi otsika, ngakhale nyimbo imene waimva kuyambira ali mwana saizindikira popanda mawu ake. Ena zimawagwera atadwala sitiroko, ena amabadwa choncho, ndipo Isabelle Peretz wa ku yunivesite ya Montreal wafufuza kwambiri za obadwa ndi vutoli. Alipo amene amati nyimbo imawamvekera ngati mapoto akugundana. Ndiye chikusowa si nyimbo m'chipindamo, koma kuimvetsa m'mutu mwa munthuyo.

Za amuse zija, musapusitsidwe ndi kufanana kwake. Linachokera ku Chifalansa, amuser, ndipo "a" wake si wokana. Amene amalalikira kuti amusement ndi "kusaganiza", poti muse m'Chingelezi ndi kuganiza, amangoyika ka "a" ka Chigiriki pamene sikayenera.

Koma chonde musathamangire kunena kuti bambo wa besi amene amaphonyetsa m'kwaya mwanu ali ndi amusia. Ambiri ophonyetsa amamva ndithu kuti asiyana ndi anzawo, kungoti pakhosi sipanazolowere. Muimbireni mawu awiri osiyana pang'ono, mumufunse kuti lokwera ndi liti. Akamalondola nthawi zambiri, muimikeni pafupi ndi woimba bwino, azibwerabe ku pulakatisi.