Alamu timapaka, sitidzola

Bambo wina wa ku Limbe wafunsa kuti: "Ndikameta ndevu ndimayendetsa kumaso kamwala koyera konga mchere, kamene pa Chingerezi amati alum. Pa Chichewa ndikatche chiyani? Nanga ndizinena kuti ndimadzola kapena ndimapaka?"

Bambo, dzina tingobwereka: alamu. Koma chenjerani, chifukwa liwu lomweli ndi limene timatchulira kabelu ka pafoni kotidzutsa mbandakucha. Mukangoti "ndagula alamu", mayi a kunyumba ayamba kufunafuna wotchi m'jumbo. Nenani kuti "mwala wa alamu". Amwenye amautcha fitkari, Aswahili amati shabu.

Funso lanu lachiwiri ndilo landikomera. Kudzola kumayenda ndi mafuta, zinthu zofewa zimene zimalowerera pakhungu n'kukhala pomwepo tsiku lonse. Munthu amadzola yekha, mwana timamudzoza. Alamu satero ayi. Mumanyowetsa mwalawo ndi madzi ozizira, n'kuuyendetsa pang'onopang'ono monse mwadutsa lumo, kudikira kamphindi, kenako n'kusukusula. Ntchito yake ndi kukungitsa khungu ndi kuletsa magazi pamene lezala lakucheka pang'ono. Chinthu choti mutsukanso posachedwa sitinena kuti mwadzola. Mneni woyenera ndi kupaka, monga timapakira sopo kapena mankhwala pabala. Ukatha kusukusula, poti alamu amaumitsa khungu, ndiye udzole mafuta. Mwaona, aneni onse awiri ali ndi malo ake pa tsiku lometa.

Musanenenso kuti kukwecha. Timakwecha mapoto ndi zidendene, ndipo mukachita zimenezo pachibwano chongometa kumene mulira ngati mwana. Pamene lumo lapala kwambiri, alamu amawawa ngati mchere pabala. Kumeneko ndi kuwawa, osati kuyabwa. Kuyabwa n'kwa chitedze ndi tiziphuphu totuluka ndevu zikamamera. Za madzi zija musazipeputse: makolo sanalakwe ponena kuti wozunzidwa wametedwa mpala wopanda madzi.

Wina wa ku Johannesburg wafunsa ngati "ndameta" n'chimodzimodzi ndi "ndametetsa". Polankhula timangoti "ndameta", ndipo palibe amadabwa. Koma polemba, ngati munakhala pampando ku babashopu n'kulipira, mwametetsa. Amene wameta ndi uja anagwira makina.