Masiku anayi amene Montreal inatayira Patrick Roy

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wina yemwe wangofika kumene kuno ku Montreal, ku Canada. Akuti kuntchito kwawo madoda awiri anatsala pang'ono kuponyerana zibakera pa nthawi ya nkhomaliro chifukwa cha goloboyi wa hockey yemwe anachoka mu 1995. Funso lawo ndi lalifupi: "Patrick Roy ameneyu ndi ndani, ndipo wolakwa anali iyeyo kapena timu?"

Mchemwali, imelo yanu ndaiwerenga katatu. Ndiyankha, koma mundipirire, chifukwa mwandikanda pachilonda chimene ndinkayesa kuti chinapola.

Poyamba mudziwe kuti mu hockey ya pa ayezi goloboyi ndi theka la timu. Golo ndi laling'ono, koma kachimbale kolimba kamene amakatcha puck kamabwera ngati mwala wa legeni, mwina ka 30 pa masewero amodzi. Roy, mwana wa konkuno ku Quebec, anali ndi zaka 20 zokha pamene anatsogolera Montreal Canadiens kukatenga Stanley Cup, chikho chachikulu cha ligi ya NHL, mu 1986. Mu 1993 anabwerezanso, chaka chimene timuyi inapambana masewero 10 otsatizana m'nthawi yowonjezera. Maulendo onse awiri ndiye anapatsidwa mphoto ya Conn Smythe, ya wosewera wopambana onse m'ndime zolimbirana chikho. Masapota ankangomuti Saint Patrick.

Mu Okutobala 1995 timu inagonja masewero anayi oyambirira, ndipo pulezidenti wake, Ronald Corey, anachotsa manijala wamkulu Serge Savard ndi kochi Jacques Demers. M'malo mwawo anaika Réjean Houle ndi Mario Tremblay, osewera akale a timuyi, koma Houle anali asanayendetsepo timu, Tremblay anali asanakhalepo kochi. Houle anachokera ku kampani ya mowa ya Molson, eni ake a timu nthawi imeneyo, Tremblay anachokera kowulutsa mawu. Ndipo Tremblay ndi Roy sankamwerana madzi kuyambira kale.

Tsono pa 2 Disembala kunabwera Detroit Red Wings pa Forum, bwalo la Canadiens nthawi imeneyo. Chigawo choyamba chokha Roy anamwetsedwa zigoli 5. Kochi aliyense wachifundo amamutulutsa goloboyi wake zikatero, kumubisa ku maso a anthu. Tremblay anangopinda manja. Zigoli zikuchuluka, Roy anagwira kapuck kofewa, ndipo masapota ake omwe anawomba m'manja monyodola. Iye anakweza manja onse awiri m'mwamba, ngati akuti zikomo kwambiri abale anga. Anamutulutsa chitalowa chigoli cha 9, pa mashoti 26. Roy anadutsa pamaso pa kochi, n'kubwereranso, n'kukaweramira kwa Corey yemwe ankakhala kuseri kwenikweni kwa benchi, n'kumuuza kuti amenewo anali masewero ake omaliza ku Montreal. Masewerowo anatha 11 kwa 1, Detroit itapambana.

Kanema wake alipo pa YouTube. Ine ndikamamuonera sindiyang'ana Roy. Ndimayang'ana nkhope ya Tremblay, chifukwa nkhope imeneyo ndinaivalapo.

Zaka zingapo zapitazo ndinkagwira ntchito usiku pa bekale ina mumzinda muno. Atandikweza kukhala kapitawo, m'gulu langa munali bambo wina wachikulire wochokera ku Haiti yemwe anaphika buledi pamalopo ine ndisanaone n'komwe ndege. Ankadziwa uvuni ngati mwana wake. Akaika dzanja pachitseko ankakuuzani kuti moto wachuluka, makina asananene. Koma anali ndi mwano. Ndikalamula kanthu ankaseka pang'ono, n'kupukuta manja pa epuloni, n'kuchita mwa njira yake, anyamata onse akuona. Zinkandiwawa. Usiku wina uvuni wachiwiri unayamba kuvuta, ndipo mathireyi ake anayamba kutuluka akuda ngati makala. Loyamba, lachiwiri, lachitatu. Anandiyang'ana. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti vuto ndi makina, ndipo zinali zosavuta kumusunthira ku uvuni wina, kapena kumuuza kuti akamwe tiyi kaye. Ndinaima chapatali ndi kabuku kanga, n'kumalemba thireyi lililonse lopserera. Mumtima ndinkati lero adziwa kuti bwana ndani. Mnyamata wina anaseka. Thireyi lachisanu ndi chimodzi litatuluka, bambo aja anavula epuloni, anaipinda bwinobwino ngati nsalu ya ku tchalitchi, anaiika patebulo lokandira ufa, n'kudikira mwini bekale mpaka 5 koloko m'mawa. Ine sanandilankhule ngakhale liwu limodzi. Patatha milungu iwiri anali pa bekale ina, misewu iwiri kuchokera pa ife, ndipo malesitilanti atatu amene ankagula kwathu anamutsatira.

Zaka zonsezi anthu akandifunsa ndinkati tonse awiri tinalakwa, iwo anali amwano, ine ndinali mwana. Ndipo pamene ndimayamba kulemba yankho ili ndinkafuna kukuuzani zomwezo za Roy ndi Tremblay. Ndasintha maganizo ndili pakati pa ndime. Ayi. Roy anali wodzimva, zoona, ndipo kulankhula ndi pulezidenti pamaso pa makamera kunali kupsa mtima kwachibwana. Koma munthu amene wachititsidwa manyazi pagulu amalankhula zilizonse. Amene anali ndi mphamvu yoletsa manyaziwo ndi kochi, ndipo anasankha kuonerera. Wamkulu wapatsidwa udindo kuti aziona patali kuposa mkwiyo wa usiku umodzi. Tremblay anali ndi milungu isanu ndi umodzi yokha pa mpando, ndipo anafuna kuti chipinda chovalira chidziwe kuti mfumu ndi iyeyo. Chinadziwadi.

Pali ena, makamaka achikulire a m'mabala a kuno, amene amati palibe wosewera woposa timu, kuti jezi ya Canadiens inavalidwapo ndi akatswiri akale ngati Maurice Richard ndi Jean Béliveau ndiye Roy ndi ndani. Mawu okoma kuwamva. Koma jezi siigwira puck.

Nanga Montreal inapezapo chiyani?

Apa ndiye pamene ndimapsa mtima kwenikweni. Timu inamuimitsa Roy, ndipo pa 6 Disembala, patangotha masiku anayi, Houle anamutumiza ku Colorado Avalanche. Masiku anayi! Ligi yonse inali itaonera pa TV kuti Montreal ilibe kuchitira mwina. Ndani amagula mbuzi pa mtengo wabwino akadziwa kuti mwini wake ali ndi ngongole yoti abweze mawa? Ndipo ngati kuti sizinakwane, anawonjezerapo kaputeni wa timu, Mike Keane, ngati basera. Kumbali inayo kunali Pierre Lacroix, manijala wamkulu wa Colorado, yemwe kale anali woimira Roy pa nkhani za makontirakiti. Ankadziwa bwino chimene akugula.

Montreal inalandira anthu atatu. Andrei Kovalenko sanathe ngakhale chaka, anamutumiza ku Edmonton mu 1996. Martin Ručinský anakhalako mpaka 2001, wosewera wabwino ndithu koma osati wosintha zinthu. Amene ndimamumvera chisoni ndi Jocelyn Thibault, goloboyi wa zaka 20, naye mwana wa ku Quebec, yemwe anamuimika pagolo la Saint Patrick anthu akadali ndi mkwiyo. Sanali woipa ayi. Koma chigoli chilichonse chikalowa, bwalo linkakumbuka amene anachoka. Mu 1998 anamutumiza ku Chicago.

Chowawa china n'chakuti Colorado imeneyi inali Quebec Nordiques, mdani wamkulu wa Canadiens, ndipo inali itangosamukira ku Denver chaka chomwecho. Ikanakhala idakali ku Quebec City, palibe akanayerekeza kuwapatsa Roy. Mu Juni 1996, miyezi 6 chichokereni, Roy anakweza Stanley Cup atagonjetsa Florida Panthers masewero anayi osagonjako. Omalizawo anatha 1 kwa 0 m'chigawo chachitatu chowonjezera, iye atatchinga mashoti onse 63. Mu 2001 anatenganso, pogonjetsa New Jersey Devils, pamodzi ndi Conn Smythe yake yachitatu. Tremblay anatula pansi udindo mu 1997. Canadiens, ya zikho 24, chikho chake chomaliza chidakali chija cha 1993, ngakhale inapezanso magoloboyi apamwamba ngati José Théodore ndi Carey Price, yemwe anaifikitsa mu fainolo ya 2021.

Ndiye kuntchito akakufunsani, mchemwali, nenani kuti Roy anakwiya usiku umodzi, Tremblay anamukwiyitsa dala, Houle anathamanga. Musatchule 11 kwa 1 anthu akudya.

Montreal inadzagwirizananso ndi Roy. Pa 22 Novembala 2008 anakweza nambala yake 33 kudenga la Bell Centre, bwalo latsopano la timuyi, kuti wina asadzaivalenso, anthu ataimirira. Bambo aja a ku Haiti akadali pa bekale ija, tsitsi lonse lili mbuu. Buledi wawo ndimagula Loweruka lililonse, koma ndimatuma mwana wanga, ine n'kudikira m'galimoto.