Kwa mayi amene akufuna kutcha mwana wake Uchi

Sabata yatha ndinalandira kalata pa imelo kuchokera kwa mayi wina amene akuyembekezera mwana wake woyamba. Iye ndi mwamuna wake anagwirizana kuti mwanayo akadzakhala wamkazi adzamutche Uchi, koma apongozi ake akana, akuti mwana wa munthu sapatsidwa dzina la chinthu chodyedwa. Akufunsa ngati aumirire kapena agonje.

Mchemwali wanga, kalata yanu ndinaiwerenga katatu ndipo sindinathe kuiyankha tsiku lomwelo, chifukwa mwakhudza chilonda chimene ndinkayesa kuti chinapola kalekale. Ine amene ndikukulemberani ndinakula ndi dzina la chakudya. Dzina langa la pamchombo ndi Madeya.

Ndinabadwa m'chaka cha 1992 m'boma la Ntcheu, chaka cha chilala chachikulu chimene chinawononga mbewu m'maiko ambiri a kumwera kwa Africa. Kwathu chimanga chinauma chisanabereke, nkhokwe zinali mbee, ndipo chimanga chachikasu cha thandizo chisanafike, banja lathu linkadalira madeya amene bambo ankapeza akagwira ganyu. Mayi anga ankandiyamwitsa akudya phala la madeya. Mchombo utagwa, nditatuluka m'chikuta, udindo wonditcha dzina unali wa agogo anga aakazi, obala bambo anga, ndipo iwo sanafune kuganiza nthawi yaitali. Anandinyamula nanena kuti uyu ndi Madeya, ndipo panalibe wotsutsa.

Pamudzi dzinalo silinkandivuta, chifukwa aliyense ankadziwa kumene linachokera. Mavuto anayamba tsiku limene ndinalowa Sitandade 1, aphunzitsi akuitana maina. Atafika pa langa kalasi yonse inaphulika ndi phwete, pakuti mwana aliyense wa kumudzi amadziwa kuti madeya ndi chakudya cha nkhumba ndi nkhuku, ndiponso kuti amagulidwa ndi ophika kachasu. Ndili Sitandade 4 panali mnyamata wina amene pa nthawi yopuma ankatapa fumbi m'manja, nkumaliwaza patsogolo panga monga amachitira munthu wodyetsa nkhuku, anzake nkumandizungulira akulira ngati anapiye. Ndikutha kuona ngakhale lero fumbi lija likugwera pa mapazi anga. Ndinasiya kukweza dzanja m'kalasi ngakhale yankho ndikulidziwa, chifukwa kukweza dzanja kunkatanthauza kuti dzina langa litchulidwanso mokweza. Ndinakhala chete kwa zaka zitatu zathunthu, ndipo aphunzitsi ena ankanditenga ngati mwana wopanda nzeru.

Ndiye mukandifunsa za maina achilendo, musayembekezere kuti ndiyankha ngati munthu woima pambali. Ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti kholo lilibe ufulu wosenzetsa khanda katundu amene kholo lomwelo silingasenze. Wotcha dzina amalitchula tsiku limodzi, koma mwini wake amaliyankha m'kalasi, kuchipatala, pofunsira ntchito, pa ukwati, kufikira tsiku limene lidzawerengedwe pa maliro ake.

Ndipo tisanaloze chala anthu akunja, tivomereze kuti ifeyo tili ndi chizolowezi chathu chimene chimandiwawa kuposa maina a zakudya. Timagwiritsa ntchito ana ngati kalata yopita kwa adani athu. Mayi akakangana ndi mkazi mnzake kapena ndi abale a mwamuna, mwana amabadwa nkutchedwa Tilekeni, Mwatitha kapena Ndaziona, ndipo tsiku lililonse akamamuitana madzulo, uthenga umafika kumene ukupita. Mkanganowo umatha, okanganawo amamwalira, koma mwana uja amakalamba akadali wonyamula mkwiyo wa anthu ena. Maina monga Mavuto, Masautso, Tsoka ndi Maliro ndimawamvetsa pang'ono, chifukwa ambiri anaperekedwa ndi makolo amene anaika ana angapo m'manda motsatizana, ndipo ankaganiza kuti dzina lonyansa lichititsa kuti imfa kapena mfiti zimudutse mwanayo. Umenewo unali mantha osakanizika ndi chikondi. Komabe njira ina inalipo. Bambo a Lazarus Chakwera, amene anataya ana aamuna awiri ali makhanda iye asanabadwe, anatenga mantha omwewo nawasandutsa chiyembekezo, potcha mwana wawo dzina la munthu amene anatuluka m'manda.

Kunja nako nkhani imeneyi ilipo, kungoti kumeneko gwero lake kawirikawiri si njala kapena imfa koma kufuna kuoneka osiyana ndi ena. M'chaka cha 2004 katswiri wa mafilimu Gwyneth Paltrow ndi woimba Chris Martin anatcha mwana wawo wamkazi Apple, dzina la chipatso, ndipo nyuzipepala zinalemba za dzinalo kwa nthawi yaitali. Mwana wa anthu otchuka ndi olemera chotero ali ndi chishango chimene mwana wa pa sukulu ya pulaimale ya kumudzi alibe. Ku France, kumene kuyambira 1993 makolo ali ndi ufulu wosankha dzina lililonse koma khoti likhoza kulowererapo ngati dzinalo lingavulaze mwana, khoti la ku Valenciennes linakana dzina lakuti Nutella, limene ndi dzina la chokoleti chopaka pa buledi, ndipo linalamula kuti mwanayo akhale Ella. Nkhaniyi inamveka kumayambiriro kwa 2015, pamodzi ndi ina ya makolo amene anakanizidwa dzina lakuti Fraise, kutanthauza sitiroberi, nasintha kukhala Fraisine. Chifukwa chimene oweruza anapereka chinali chakuti mwanayo adzasekedwa. Pamene ndinawerenga zimenezo ndinalira, chifukwa kwa nthawi yoyamba ndinaona anthu akuluakulu akuganizira za mwana amene adzaime pabwalo la sukulu, osati za makolo okha.

Pali chinthu china chimene apongozi anu mwina sanachitchule koma chimene ine ndimachiona kuti ndi chachikulu. Kale dzina la ubwana silinali la moyo wonse. Mtsikana akavinidwa kapena mnyamata akalowa kudambwe ankapatsidwa dzina latsopano, ndipo kumuitana ndi dzina lakale kunali chipongwe. Mkazi wamkulu ankadziwika ndi mfunda wake, a Nabanda, a Naphiri, a Nangozo, ndipo akabereka ankakhala make a uje. Choncho agogo akatcha mwana Njala kapena Madeya, ankadziwa kuti dzinalo ndi chovala cha ubwana chimene adzavule. Masiku ano sizili choncho. Dzina limene lalembedwa pa chiphaso cha kubadwa ndi lomwe limapita pa mayeso a Sitandade 8, pa satifiketi ya MSCE, pa chitupa cha unzika chimene a National Registration Bureau anayamba kupereka kwa anthu onse mu 2017, pa pasipoti, ku banki, ngakhale pa nambala ya foni. Tasunga mwambo wotcha maina a zochitika, koma khomo lotulukira limene mwambowo unali nalo linatsekeka. N'zoona kuti munthu wamkulu akhoza kusintha dzina lake, monga anachitira Bingu wa Mutharika amene anabadwa ndi dzina la Thom, koma si aliyense amene ali ndi ndalama, nthawi ndi mtima wopirira woyendera makalata otere.

Ine ndinapulumutsidwa ndi mayi anga. Tisanalembetse mayeso a Sitandade 8 anavala chitenje chawo chopitira kutchalitchi, napita kwa aphunzitsi aakulu kukapempha kuti m'kaundula mulembedwe dzina langa la ubatizo. Ndinabwerera kunyumba tsiku limenelo ndikumva ngati ndatula mtolo wa nkhuni. Koma agogo atamva anakhala masiku awiri osandilankhula. Tsiku lachitatu ndinawapeza pakhonde akupeta mphale, ndipo osandiyang'ana anatapa madeya amene anagwera pa mkeka, nawaika m'dzanja langa, nanditsekera zala. Anandiuza kuti chaka chimene ndinabadwa anthu anataya ufa woyera ndi ulemu womwe, ndipo chimene anthu ankachinyoza ndicho chinasunga moyo wa mayi anga ndi wanga. Anati sanandipatse dzina la chakudya cha nkhumba, anandipatsa dzina la chimene chinatipulumutsa. Kuyambira tsiku limenelo sindinathenso kuwakwiyira, ndipo iwo okha ndinkawalola kunditcha Madeya kufikira pamene anamwalira. Komabe sindinganame kuti tanthauzo lawo lokongolalo linandithandiza pabwalo la sukulu, chifukwa mnyamata wowaza fumbi uja sankalidziwa, ndipo ine sindikanatha kuyenda ndi agogo kulikonse kuti azifotokoza.

Mu Baibulo muli nkhani imene ndimaikumbukira kawirikawiri. Rakele akumwalira pobereka anatcha mwana wake Benoni, mwana wa chisoni changa, koma Yakobo anamutcha Benjamini. Chisoni cha mayiyo chinali chenicheni, koma bambo sanalole kuti mwana akule nacho pamphumi.

Nanga za Uchi

Nditanena zonsezi mwina mukuganiza kuti ndili mbali ya apongozi anu, koma pa mfundo yawo yakuti dzina la chodyedwa ndi loletsedwa sindikugwirizana nawo. Pakati pathu pali mabanja a Nyemba, a Mapira, a Chinangwa ndi a Shuga, ndipo palibe amene amawadabwa. Kamuzu ndi muzu waung'ono, dzina lokumbutsa mankhwala amene mayi ake anamwa kuti abereke. Tamara ndi mtengo wa kanjedza, Debora ndi njuchi, ndipo ana athu ambiri ali ndi maina amenewa. Chimene chimavulaza si chakudya ayi, koma chimene anthu amaona m'maso mwawo akamva dzinalo. Madeya ndi zotsalira, pamene uchi ndi chinthu chosowa, chamtengo wapatali, chimene timasungira odwala ndi alendo, ndipo dziko lolonjezedwa lija linali loyenda mkaka ndi uchi. Nkhawa yanga imodzi yokha ndi yakuti mtsikana akadzakula, anyamata ena opanda mwambo adzapezerapo mawu omunenera pamsewu, ndipo zimenezo muziganizire mofatsa.

Malangizo anga ndi awa. Mwanayo mumupatse maina awiri ndipo onse alembedwe pa chiphaso cha kubadwa, kuti akadzakula adzasankhe yekha popanda kuyendera maofesi. Litchuleni dzinalo mokweza pamodzi ndi la bambo ake, ngati mmene angaitanire namwino pa mzere wa kuchipatala, ndipo mufunse ana awiri kapena atatu a ku pulaimale kuti angamuseke bwanji mnzawo wa dzina limeneli, chifukwa iwo adzakuuzani zimene akuluakulu sangaganize. Kenaka inu ndi amuna anu mupite kwa apongozi, mukhale pansi, muwapemphe kuti dzina linalo atche ndi iwo monga mwa mwambo wa mwana woyamba, ndipo Uchi likhale lanu.