Yankho la achimwene a ku Senga Bay pa nkhani ya rozi woyanga

Achemwali, mwaswera bwanji uko ku Winnipeg, ku Canada? Moni nonse pagulu pano. Funso lanu ndaliona masana, koma kulemba zonsezi pa foni sindingathe, bola ndingoyankhula. Mukamva mphepo ndi mwera, ndili panja.

Mwati mukufuna rozi woyanga pakhoma la pakhonde lanu, ndipo mwatumiza chithunzi cha uja wapinki wotuwira, New Dawn, kufunsa ngati mugule. Ayi achemwali, ameneyo musiyeni. Ndi duwa labwino, lakalekale, linatuluka ku America mu 1930, ndipo ku England kapena ku Toronto limachita bwino zedi. Koma mphamvu yake imathera pa zone 5, ndipo zone ndi nambala yosonyeza kuzizira kwa dera, ikachepa ndiye kuti derali ndi lozizira kwambiri. Kwanuko kuzizira kumafika madigiri 30 pansi pa ziro, nthawi zina kupyola. Chimene chidzachitike n'chakuti nthambi zonse zotulukira pamwamba pa chipale zidzafa, mu Meyi mudzazipeza zakuda. Adzaphukanso kuchokera pansi, akule mwina kufika m'chiuno, chisanu chibwerenso. Chaka ndi chaka kuyambiranso. Ndiye adzayanga liti? Rozi woyanga amafika pamwamba chifukwa nthambi za chaka chatha zapulumuka, zatsopano n'kuonjezera pamenepo. Choncho posankha musayambire pa kukongola kwa duwa, yambani mwafunsa ngati nthambi zake zimapirira chisanu zili pamtunda osakutidwa.

Mwayi wanu ndi wakuti a ku Canada komweko ntchito imeneyi anaigwira kale. Kunali mayi wina katswiri, Felicitas Svejda, wobadwira ku Vienna, amene ankagwira ntchito pa munda wa kafukufuku wa boma ku Ottawa. Iyeyo ndiye anapanga gulu la marozi lotchedwa Explorer, ndipo ankawasiya panja nyengo yonse yozizira osawaphimba, osawapopera mankhwala, ofa afe. Otsalawo ndi amene akugulitsidwa lero. Ine munthu wotere ndimam'patsa ulemu, chifukwa kuleza mtima kotero pa mbewu n'kosowa.

Mwa amenewo, ine ndikuti tengani William Baffin. Anatuluka mu 1983. Amakula mamita awiri ndi theka mpaka 3, maluwa ake ndi apinki wowala, pakati poyererako, ndipo amabwera m'magulumagulu, kuyambira chakumapeto kwa Juni, n'kumabwerezabwereza mpaka chisanu. Matenda a madontho akuda pamasamba samugwira kawirikawiri. Koma ndikuuzeni zoona, fungo alibe kwenikweni, ndipo ndi wamphamvu, amatambasuka, minga yake si yocheza. Ngati khonde lanu ndi lopanikizika, ana azidzakodwa podutsa.

Pamenepo ndiye pali John Davis, wa 1986. Ameneyu ndiye wofananako ndi chithunzi chanu chija, pinki wake ndi wofatsa, duwa lodzaza bwino, kafungo kalipo, ndipo nthambi zake ndi zofewa, sizivuta kumanga. Sakula kwambiri ngati Baffin. Palinso John Cabot wa 1978, wofiirirako. Koma musazunguzike mutu, sankhani pa awiri oyambawo.

Tsopano apa mvetsetsani, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amatayira ndalama. Marozi ambiri a m'masitolo akuluakulu ndi omezanitsa, monga timachitira ndi mango kuno: pamwamba mtundu wabwino, pansi chitsa cha mtundu wina. Pamene anamezanitsapo pamaoneka chotupa pamwamba pa mizu. Chisanu chikapha pamenepo, basi, duwa munagula lija lapita, chimene chidzaphuke ndi cha pachitsa, chamtundu wina. Ndiye mukafika ku nazale, funsani wokhala pa mizu yakeyake, pakapepala amalemba kuti own root. Ameneyo ngakhale chaka china chisanu chitaonjeza n'kumuotcha mpaka pansi, chophukacho ndi yemwe uja. Amaoneka wamng'ono mu kachitini, musamunyoze, pofika chaka chachitatu adzakhala atadzaza khoma. Mukasowa, n'kupeza womezanitsa yekha, chotupacho mukachikwirire pansi pa dothi masentimita 10. Ndipo pakapepala pomwepo muone zone, ikhale 3 kapena kutsika. Bola kupita ku nazale ya komweko m'chigawo chanu cha Manitoba, kusiyana ndi kuitanitsa pa intaneti kuchokera kumadera ofunda.

Kubzala dikirani chakumapeto kwa Meyi kapena kumayambiriro kwa Juni, chisanu chitatheratu. Dzenje likhale lalikulu, manyowa owolerana bwino, ndipo musagundize kukhoma, siyani ngati theka la mita, chifukwa m'munsi mwa denga mvula siifika. Dzuwa afunika maola 6 pa tsiku.

China, rozi sadzigwira yekha pakhoma. Muyenera kukhoma mawaya kapena timatabwa, n'kumamanga nthambi ndi kachingwe kofewa. Pomanga musaziimike chilili, zigonekeni chopingasa, chifukwa nthambi yogona imatulutsa mphukira za maluwa m'litali mwake monse, pamene yoimirira imangochita maluwa kunsonga, pansi pali mbee. Zaka ziwiri zoyamba musamudulire, kungochotsa zouma basi, ndipo zimenezo muzichita akayamba kuphukira, osati chisanu chikamayandikira.

Feteleza lekani Ogasiti akangoyamba. Ndikudziwa dzanja lanu achemwali, mumakonda kuthira, koma mphukira zanthete zotuluka mochedwa ndi zimene zimayamba kufa. Madzi okha pitirizani mpaka nthaka itatsala pang'ono kuuma ndi chisanu, kenako muphimbire patsinde ndi dothi ndi masamba ouma, makamaka chaka choyamba. Chipale mukamachotsa panjira, muzichiunjika patsinde pomwepo, chimasunga mizu, bola chisakhale chosakanikirana ndi mchere uja amawaza m'misewu. Muzingenso tsinde ndi waya wa mabowo ang'onoang'ono, chifukwa akalulu ndi mbewa zikasowa chakudya zimatafuna khungwa kuzungulira, nthambi n'kuuma.

Chimene ndikufuna mundiuze ndi chakuti khoma lanulo layang'ana kuti. Kwanuko dzuwa limadzera chakummwera, ndiye khoma loyang'ana kummwera kapena kum'mawa ndi labwino. Ngati layang'ana kumpoto, tisinthe malo, timuike kumpanda. Alamu ajambule mawa cha m'ma 10 koloko mutumize pano.