Funsani Malume: za anyamata aja anatsala okha pachilumba

Mwezi watha tinagwirizana kuti tiwerenge Lord of the Flies, buku la William Golding lomwe linatuluka ku London mu 1954, ndiye makalata abwera ambiri zedi moti onse sindingakwanitse, ndangotolapo ochepa. Kwa inu amene simunalipeze, nkhani yake ndi ya ana asukulu a ku Britain omwe ndege yawo inagwa pachilumba chopanda anthu nthawi ya nkhondo, wamkulu palibe ndi mmodzi yemwe. Anasankha Ralph kukhala mtsogoleri, anagwirizana kuti wolankhula pamsonkhano azigwira chigoba cha nkhono ya m'nyanja chomwe ankaliza ngati lipenga, komanso kuti moto paphiri usazime kuti sitima ikamadutsa ione utsi. Kenako Jack, mtsogoleri wa kwaya, anapanduka ndi gulu lake la alenje, ndipo pomwe amadzapulumutsidwa ana atatu anali atafa.

Malume, ine bukuli landinyansa. Wolembayu akunama, ana sangaphane chonchi. Ife kwathu tikapita kubusa tsiku lonse popanda wamkulu timagawana chimanga chootcha bwinobwino, wamng'ono akalira timamubereka. Kapena ndi ana achizungu okha amatere? — Mnyamata wa Fomu 4, Ntcheu

Mphwanga, kunyansidwa kwakoko ndakukonda, ndipo uli ndi mboni yoti sukuidziwa. Mu 1965 anyamata 6 a sukulu ya bodingi ku Nuku'alofa m'dziko la Tonga anatenga boti la msodzi nkuthawa, mphepo inawaonongera botilo, anayandama masiku 8 mpaka anakafika pa kachilumba ka miyala kotchedwa 'Ata komwe sikunkakhala munthu. Anakhalako miyezi 15. Kwawo anthu anali atalira kale maliro. Pomwe mkulu wina wa ku Australia, Peter Warner, amawapeza mu Seputembala 1966 onse anali moyo, moto wawo anali akuusunga osazima, ntchito ankagwira awiriawiri, akayambana ankapatukana kaye mpaka mitima izizire, mmawa ndi madzulo nyimbo ndi pemphero. Mmodzi anagwa paphompho nkuthyoka mwendo, anzake anaumanga ndi timitengo ndi masamba nkumamugwirira ntchito yake mpaka unapola. Kali kokha nkanyama, ali awiri ndi anthu, anyamata amenewa anazionetsa poyera.

Koma usathamangire kunena kuti Golding ndi wabodza. Bamboyu anali tichala wa anyamata ku Bishop Wordsworth's School ku Salisbury zaka zambiri, ndipo pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse anali msilikali wapamadzi, anamenya nawo ya ku Normandy mu 1944. Amene anaona akuphana anali akuluakulu ovala yunifolomu, ophunzira bwino. Panalinso buku lakale la R. M. Ballantyne lotchedwa The Coral Island lomwe ana a ku Britain ankalikonda, mmenemo anyamata achingelezi amakhala mwaulemu pachilumba ndipo oipa onse ndi ochokera kwina, makamaka eni zilumbazo. Golding anatenga dala maina awiri a mmenemo, Ralph ndi Jack, kuti auze anthu akwawo kuti musadzinamize, nkhanza sizili mwa anthu akuda okha kapena adani anu okha. Ndiye funso lako loti ndi achizungu okha eti, ayi, iye amatsutsa zoti pali mtundu wina umene sungachite zimenezi. Kubusa kuja madzulo mumabwerera kwa amayi. Tayerekeza palibe kobwerera, usiku wagwa, wina wanena kuti waona chilombo kutchire.

Anti kapena Malume kaya, ine Piggy wandiliza. Nanenso ndine wonenepa ndipo ndimavala magalasi, kukalasi ali ndi dzina lomwe amanditchula sindingalilembe pano. Bwanji buku lonse sanatiuze dzina lake lenileni? Komanso bwanji mulibe mtsikana olo mmodzi? — Mtsikana wa Fomu 2, Zomba

Ndine malume mwanawe, ndipo kalata yako ndaiwerenga kangapo. Za atsikana ndiyankhe mwachidule: Golding mwiniwake ananenapo kuti analemba za anyamata chifukwa iye anakhalapo mnyamata, sanakhalepo mtsikana. Kaya yankho limenelo lakukwanira kaya ayi ndi ufulu wako, ine ndimaona kuti bukuli likanalemera koposa mukanakhala atsikana.

Koma za dzinazi waona chinthu chachikulu chimene ambiri amachidumpha. Bwerera kuchaputala choyamba. Piggy akufunsa Ralph dzina lake, Ralph akuyankha koma iye osabweza funsolo. Kenako Piggy akumuuza mwachinsinsi dzina lachipongwe lomwe ankamutchula kusukulu, nkumupempha kuti chonde asauze ena. Pamsonkhano woyamba womwewo Ralph akulitulutsa pagulu, onse kuseka. Taona, si Jack amene anaulula dzinalo, ndi Ralph, mwana wabwino uja amene tonse timamuchemerera. Kuyambira pamenepo palibe amene anafunsanso dzina lenileni, ndipo ngakhale ife owerenga timangoti Piggy Piggy mpaka kutseka buku, talowa nawo mchipongwecho osadziwa.

Chonsecho nzeru zambiri pachilumba paja zinali zake. Ndi iye anadziwa ntchito ya nkhono ija, ndi iye ankafuna kudziwa maina a ana ang'onoang'ono, moto ankayatsira magalasi ake. Ankafuna magalasiwo koma mwini wake osamufuna, mpaka anachita kukamubera usiku nkumusiya osaona. Pali malo ena amene ine amandiopsa kuposa imfa yakeyo. Roger, mmodzi wa gulu la Jack, akugenda miyala kamwana kena dzina lake Henry kakusewera mmbali mwa nyanja, koma akuphonya dala, miyala ikugwa mozungulira, chifukwa mkono wake ukukumbukirabe makolo, sukulu ndi apolisi. Patsogolo Roger yemweyo ndi amene akugubuduza chimwala chomwe chinapha Piggy, nkhono ija nkuphwanyikira limodzi. Pakati pa kuphonya dala ndi chimwala chija panadutsa masiku ambiri amene aliyense ankaona nkukhala chete.

Ine ndili Fomu 3 kubodingi ina panali kamnyamata ka Fomu 1 kachibwibwi. Usiku wina ku hositelo anakaimika pabedi kuti kaimbe nyimbo ya fuko, kakakamira pa liwu limodzi amakathira madzi ozizira a mu ndowa kuti kayambirenso. Sindinagwire ndowa. Ndinali pabedi langa nditafunda bulangete, maso ali pamtunda, ndipo pena ndinaseka nawo kuti asandione wosiyana. Teremu yotsatira sikanabwerere. Papita zaka zambiri koma dzina lachipongwe lija ndikulikumbuka, lenileni ndinaiwala, ndipo zimandiwawa mpaka lero. Iwe mwanawe usasenze wekha zimenezi, uza tichala amene umamukhulupirira kapena amayi ako sabata ino. Ndipo inu a m'kalasi mwake ngati mukuwerenga, ali ndi dzina limene makolo ake anamupatsa, mutchuleni limenelo.

Mayi anga ataona mutu wa bukuli anandilanda ati ndi la satana. Zoona? — Wowerenga wa ku Area 25, Lilongwe

Amayi sanalakwe kudzidzimuka. Mutuwo mChichewa tingati mbuye wa ntchentche, ndipo ndi tanthauzo la dzina lija Belezebule, pa 2 Mafumu 1 ndi mulungu wa ku Ekroni, pa Mateyu 12:24 Afarisi akumutchula mkulu wa ziwanda. Koma mbukumo palibe akupembedza satana. Mbuye wa ntchentcheyo ndi mutu wa nkhumba umene a Jack anauzika pamtengo wosongoka ngati nsembe kwa chilombo chimene ankachiopa, unayamba kuola ntchentche zili ng'waa.

Uwafotokozere amayi za Simon. Kamnyamata kofatsa, kokomokakomoka, kamene kankathyolera ana ang'ono zipatso zomwe sankafikira. Ndi iye analimba mtima kukwera phiri ali yekhayekha kukaonetsetsa chilombocho, nkupeza kuti ndi mtembo wa msilikali wa ndege wokodwa mu zingwe za parachuti, mphepo ikaomba umadzuka nkuwerama. Akutsika kuti akauze anzake kuti musaope, anawapeza ali pa gule wawo wa ulenje, mdima, mvula ya ziphaliwali, wina nkukuwa kuti chilombo, anamuunjikira mpaka kumupha uthenga uli mkamwa. Ralph ndi Piggy analipo mbwalomo. Kutacha Ralph akuti tinapha munthu, Piggy akuti kunali mdima, inali ngozi, nkugwirizana kuti azinena zoti iwo anali kunja kwa bwalo ndipo anachoka msanga. Ndikawerenga pamenepa ndimakumbuka agogo amene amaphedwa mmidzi mwathu muno powanamizira ufiti, kapena munthu wina akangokuwa kuti wakuba pamsika, mmawa mwake mudzi wonse umati ine ndinangoima patali. Amayi akamva zimenezi ndikhulupirira akubwezera, mwinanso awerenga okha.

Malume ndayesa kuyatsa pepala ndi magalasi a mchemwali wanga padzuwa la masana, zakanika. Golding anatinamiza? — Mnyamata wa Fomu 3, Kasungu

Apa wamugwira ndithu. Piggy saona patali, ndipo magalasi a vuto limeneli ndi aja mu fizikisi mumati concave, amamwaza kuwala mmalo mokusonkhanitsa, moti sangayatse moto. Oyatsa ndi a convex, onenepa pakati, ngati aja agogo amawerengera Baibulo. Owerenga ambiri anaona kale cholakwika chimenechi koma iwe wachita bwino kuyesa wekha. Golding analandira mphoto ya Nobel mu 1983, koma apa pokha fizikisi inamupita kumbali.

Mathero ake andikhumudwitsa. Jack ndi Roger sanalangidwe, kwangobwera msilikali basi nkhani yatha. — Mtsikana wa Fomu 4, Mzuzu

Nanenso ulendo woyamba ndinkafuna ndione Roger ali mmanja mwa apolisi. Koma tawerenganso masamba awiri omalizawo modekha. Ralph akuthawa, anzake akumusaka ngati nguluwe, ayatsa chilumba chonse kuti atuluke mmene wabisala, akugwa pamchenga nkudzutsa mutu, pamaso pake pali ofesala wa nkhondo yapamadzi atavala zoyera mbee. Utsi umene waitana sitima ndi wa moto wofuna kumupha, osati uja ankalimbikira paphiri. Ndipo mwadzidzidzi timawaona ndi maso a munthu wamkulu, Jack amene timamuopa uja wangokhala kamnyamata ka tsitsi lofiira kovala chipewa chong'ambika, magalasi osweka a Piggy akulendewera mchiuno.

Ofesalayo akuwadzudzula kuti ana achingelezi amayenera kuchita bwino kuposa apa. Ralph akuyamba kulira, kulirira mnzake Piggy, ena onse nkuyamba kulira nawo, ndipo bamboyo akuchita manyazi nkutembenuka kuwapatsa mpata, maso ake ali pa sitima yake ya nkhondo, ndipo paboti lomwe wabwera nalo pali msilikali wagwira mfuti. Ndiye tandilembere mwezi wamawa, iwe ukuona kuti bambo ameneyu angaweruze Jack pa mlandu uti umene iye mwini sakuchita? Makalata a mayankho ndidzawaika patsamba lomwe lino, ndipo amene muli ndi kope la bukuli bwerekani anzanu, ambiri andidandaulira kuti mulaibulale ya pasukulu pawo mulibe.